Kusunga nsomba za m'chigwa cha Shire mu thanki yagalasi

Kusunga nsomba za m'dera mu thanki yagalasi ndi mchitidwe wogwira nsomba, nkhanu, nkhono ndi zamoyo zina m'madzi apafupi ndi kumene munthu amakhala, n'kuzisunga zamoyo m'nyumba kapena m'kalasi. Cholinga chake si ndiwo kapena malonda, koma kuona ndi kuphunzira mmene zamoyozo zimadyera, zimasambirira ndiponso zimaberekeranira. Thanki yotere imatchedwa aquarium m'Chingerezi. M'dera la Mfumu Yaikulu Lundu m'boma la Chikwawa, komanso m'chigwa chonse cha kumunsi kwa Shire mpaka ku Nsanje, zamoyo zimenezi zimapezeka mu mtsinje wa Shire, m'dambo la Elephant Marsh, m'ngalande zothirira mbewu ndi m'maiwe amene amadzaza nthawi ya dzinja.

Nsomba za m'chigwachi n'zosiyana ndi za m'nyanja ya Malawi chifukwa mathithi a pa Shire amazitsekereza kuti zisakwere kumtunda. Zambiri mwa nsomba zodziwika pamsika, monga mlamba, dowe ndi mcheni, zimakula mopitirira thanki ya m'nyumba, choncho zoyenera kusunga ndi tinsomba tating'ono ta m'madambo. Wosunga nsomba m'derali amayenera kusamala zinthu zitatu: kutentha, likodzo limene limafala kudzera mu nkhono, ndi lamulo loletsa kusamutsa nsomba kuchoka m'madzi ena kukaziika m'madzi ena.

## Dera ndi madzi ake

Dera la Lundu lili kumadzulo kwa mtsinje wa Shire, cha ku Nchalo kumene kuli minda ikuluikulu ya nzimbe. Lundu ndi mfumu yaikulu ya Amang'anja, ndipo likulu lake lili ku Mbewe. Chakumadzulo kuli malo osungirako zachilengedwe a Lengwe. Mitsinje ya Mwanza ndi Nkombedzi wa Fodya imatsika kuchokera kumadzulo, imasefukira m'dzinja, koma m'chilimwe malo ambiri mumatsala mchenga ndi timaiwe.

Chigwachi ndi malo otsika kwambiri m'Malawi. Pamene Shire amatulukira m'dziko muno kulowa ku Mozambique m'pokwera mamita 37 okha kuchokera pa nyanja yamchere. N'chifukwa chake kumatentha kwambiri, moti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40.

Dambo la Elephant Marsh lili pakati pa maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndipo limathera cha ku Chiromo kumene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Dzinali analipereka ndi David Livingstone mu 1859, ndipo iye analemba kuti anaonapo njovu pafupifupi 800. Masiku ano njovu kulibe, koma mvuu, ng'ona, mbalame ndi nsomba zilipo. Mu 2017 damboli linalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo linakhala lachiwiri m'Malawi pambuyo pa nyanja ya Chilwa. Malo amene analembedwawo ndi oposa mahekitala 60,000. Kum'mwera kwa Nsanje kuli dambo lina lotchedwa Ndindi.

Madzi a m'derali angagawidwe panayi, ndipo aliwonse ali ndi zamoyo zake:

* mtsinje weniweni wa Shire, wamadzi oyenda, wokhala ndi mpweya wambiri;
* madambo a bango, gumbwa ndi nyika, amadzi odekha ndi ofunda, amene mpweya wake umachepa usiku;
* ngalande ndi madamu a ulimi wothirira;
* maiwe a m'dothi lakuda la makande, amene amadzaza ndi mvula n'kuphwa m'chilimwe.

Kudziwa kumene nsomba yachokera kumathandiza kudziwa thanki yoiyenera. Nsomba ya mu mtsinje imafuna madzi oyenda, pamene ya m'dambo imafuna zomera zobisalamo.

## Mathithi a Kapichira

Pakati pa Matope ndi Kapichira, mtsinje wa Shire umatsika pafupifupi mamita 400 kudzera pa mathithi angapo, monga Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira. Kupatula mkunga, umene umatha kukwawa pamiyala yonyowa, nsomba zochokera kumunsi sizingathe kukwera mathithiwa. Motero nsomba za ku Chikwawa ndi Nsanje ndi za banja limodzi ndi za kumunsi kwa Zambezi, osati za m'nyanja ya Malawi. Mcheni wa mtundu wa *Hydrocynus vittatus*, dowe ndi nyesi zimapezeka kumunsi kwa Kapichira, koma m'nyanja mulibe. Nazo mbuna zotchuka za m'miyala ya m'nyanja sizipezeka m'chigwachi.

Malire achilengedwe amenewa ndi ofunika kwambiri. Pokonza ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, imene imatenga madzi pa Kapichira kupita nawo ku minda ya m'chigwa, mapulani ake anaphatikizapo chotchinga nsomba kuti mcheni ndi zina za kumunsi zisapeze njira yokwerera kumtunda. Munthu mmodzi wonyamula nsomba zamoyo m'ndowa akhoza kuchita chimene chotchingacho chinakonzedwera kuletsa.

## Mbiri

Kusunga zamoyo za m'madzi mu galasi kunafala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800. Mu 1853 nyumba yoonetsera nsomba inatsegulidwa ku London Zoo, ndipo mu 1854 Philip Henry Gosse anatulutsa buku limene linatchukitsa mawu akuti aquarium. Anthu a nthawi imeneyo ankasunga zamoyo zimene ankadzigwirira okha m'mitsinje ndi m'mphepete mwa nyanja za kwawo. Malonda a nsomba zochokera kumayiko akutali anadzakula pambuyo pake.

Nsomba zambiri za kumunsi kwa Zambezi ndi Shire zinalembedwa koyamba m'mabuku a sayansi ndi Wilhelm Peters wa ku Germany, amene anayenda m'dziko la Mozambique mpaka ku Tete m'zaka za m'ma 1840. Iye ndi amene anafotokoza makakana ndi nkhonokono mu 1852. Mu 1979 Denis Tweddle ndi N. G. Willoughby anatulutsa mndandanda wa nsomba za mu Shire kum'mwera kwa Kapichira, wokhala ndi mitundu pafupifupi 60.

Ku Malawi, malonda a nsomba zosunga mu galasi amadziwika ndi mbuna ndi nsomba zina za m'nyanja. Stuart Grant anayamba kutumiza nsomba zimenezi kunja m'zaka za m'ma 1970 kuchokera ku Senga Bay m'boma la Salima. Nsomba za kuchigwa cha Shire zimadziwika kwambiri ngati ndiwo, ndipo zimene asodzi amapha zochuluka ndi milamba ndi makakana.

## Nsomba zoyenera thanki ya m'nyumba

Matemba. Dzinali limaimira mitundu ingapo ya gulu la *Enteromius*, limene kale linkatchedwa *Barbus*. Ina mwa iyo ndi *Enteromius paludinosus*, *Enteromius radiatus* ndi *Enteromius trimaculatus*, amene ali ndi madontho atatu akuda m'mbali. Ambiri sapitirira masentimita 15. Matemba ndi olimba, amadya pafupifupi chilichonse, ndipo ndi oyenera munthu woyamba kumene. Amayenda m'chigulu, choncho amasungidwa 6 kapena kuposerapo. Limodzi lokha limachita mantha n'kumangobisala.

Pseudocrenilabrus philander. Ndi kansomba ka banja limodzi ndi chambo, koma sikapitirira masentimita 13. Yamphongo imakhala ndi mitundu yowala nthawi yoswana, ndipo imakumba kadzenje mumchenga. Yaikazi imaikira mazira m'kadzenjemo, kenako imawatola n'kuwasunga m'kamwa pafupifupi masabata 2 osadya. Amphongo awiri mu thanki yaing'ono amamenyana mpaka wofooka kufa, choncho pamasungidwa yamphongo imodzi ndi zazikazi zingapo.

Ctenopoma multispine. Ndi nsomba yabulauni ya m'madambo, yotalika pafupifupi masentimita 14. M'mutu mwake muli chiwalo chopumira mpweya wa kunja kwa madzi, ndipo imatha kukwawa pansi ponyowa kuchoka pa thamanda lina kupita pa lina. Imapirira madzi ofunda ochepa mpweya. Thanki yake imafuna chivundikiro cholimba chosiya mpata wa mpweya pamwamba pa madzi. Imadya tinsomba tokwana m'kamwa mwake.

Micralestes acutidens. Ndi kansomba konyezimira ngati siliva, kachibale ka mcheni, kotalika masentimita osapitirira 9. Kamakonda madzi oyera oyenda, kamadumpha, ndipo kamafa msanga paulendo madzi akafunda. Kamafuna thanki yaitali ndi pampu ya mpweya.

Tinsomba ta maso owala. Timeneti kale tinkaikidwa m'gulu la *Aplocheilichthys*. Sitipitirira masentimita 5, timasambira pamwamba pa madzi pakati pa zomera, ndipo timadya mphutsi za udzudzu. Sitisungidwa pamodzi ndi nsomba zazikulu.

Nothobranchius orthonotus. Nsomba imeneyi imakhala m'maiwe a dzinja, ndipo moyo wake wonse sukwana chaka. Imakula msanga, imaikira mazira m'matope, kenako imafa dziwe likaphwa. Mazirawo amakhala amoyo m'dothi louma chilimwe chonse ndipo amaswa mvula ikabwera. Amphongo ali ndi mawanga ofiira okongola. Osunga nsomba m'mayiko ena amaweta nsomba za gulu limeneli posunga mazira m'dothi lachinyezi kwa miyezi ingapo, kenako n'kuthirapo madzi. Chifukwa dziwe limodzi limadalira mazira a chaka chimenecho, kukokolola nsomba zonse m'dziwemo zisanaikire kukhoza kuthetsa mtunduwo pamalopo.

## Nsomba zosayenera

Nsomba zambiri zimagwidwa zili zazing'ono ndipo zimaoneka ngati zingakwane mu thanki, koma pakatha miyezi yochepa zimasowa potembenukira.

* Mlamba (*Clarias gariepinus*) umatha kupitirira mita imodzi. Umadya nsomba zinzake usiku, umavundula madzi, ndipo umatuluka mu thanki n'kumakwawa pansi.
* Dowe (*Protopterus annectens*) ndi nsomba yopuma ndi mapapo, imene m'chilimwe imadzikwirira m'matope. Imatha kuyandikira mita imodzi ndipo imaluma mwamphamvu.
* Mcheni (*Hydrocynus vittatus*) uli ndi mano akuthwa ndipo umafuna malo aakulu othamangamo. Mu thanki yaing'ono umadzigunda pagalasi.
* Nyesi (*Malapterurus shirensis*), imene dzina lake la sayansi linachokera ku mtsinje wa Shire, imatulutsa magetsi amphamvu okhoza kupha nsomba zinzake ndi kudzidzimutsa munthu woigwira.
* Makakana, amene ena amati mphende (*Oreochromis mossambicus*), amafukula mchenga, amazula zomera ndipo amaswana mofulumira. Malo awo ndi damu, monga mmene amawetera ku Kasinthula m'boma la Chikwawa.
* Nkhonokono (*Synodontis zambezensis*) imatha kufika masentimita 40, ndipo minga yake imabaya ndi kukola mu ukonde. Ingasungidwe mu thanki yaikulu yokha, yokhala ndi mphako zobisalamo.

## Nkhanu, nkhono ndi zina zopanda fupa la msana

Nkhanu za m'mitsinje ya Malawi ndi za gulu la *Potamonautes*. Yaikazi imanyamula mazira kumimba kwake mpaka ataswa tiana tofanana kale ndi makolo. Nkhanu imafundula chigoba ikamakula, ndipo masiku amenewo imakhala yofewa ndi yosavuta kuphedwa ndi inzake. Imafuna mwala kapena chikuni chotulukira pamwamba pa madzi, imakwera chingwe chilichonse n'kuthawa, ndipo usiku imagwira nsomba zogona. Ndi bwino kuisunga yokha.

Tinkhanu tosambira ta gulu la *Caridina* n'totalika masentimita 2 kapena 3, ndipo thupi lake limaonekera mkati. Timapezeka m'mizu ya zomera za m'mphepete mwa madzi. Timadya ndere ndi zotsalira, motero timathandiza kuyeretsa thanki. Timafa msanga ndi mankhwala ophera tizilombo, ngakhale opopera udzudzu m'chipinda.

Ana a tombolombo ndi tizilombo tina ta m'madzi timabwera tobisala m'zomera. Ndi tosangalatsa kutiona m'botolo lapadera, koma mu thanki timagwira ana a nsomba. Misundu nayo imabwera m'njira yomweyo.

Nkhono za zigoba ziwiri zimadya posefa tinthu tating'onoting'ono m'madzi. Mu thanki ya madzi oyera zimafa ndi njala, ndipo zikafa mosadziwika zimawononga madzi onse.

### Nkhono ndi likodzo

Likodzo ndi matenda ofala m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Mazira a tinyongolotsi toyambitsa matendawa amatuluka mu mkodzo kapena m'chimbudzi cha wodwala. Akafika m'madzi amaswa, ndipo tizilomboto timalowa mu nkhono. Pakatha masabata angapo nkhonoyo imayamba kutulutsa tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timaboola khungu la munthu wokhudza madziwo. Nkhono za gulu la *Bulinus* zimafalitsa likodzo la m'chikhodzodzo, ndipo za gulu la *Biomphalaria*, zophwatalala ngati kakhobidi, zimafalitsa la m'matumbo.

Nkhono imodzi yodwala ikhoza kutulutsa tizilomboti kwa masabata ambiri. Zimenezi zikutanthauza kuti thanki ya pabalaza ikhoza kupatsira likodzo mwana amene sanapiteko kudambo, pongoviika dzanja. Nkhono zina za m'derali, monga zazikulu za gulu la *Lanistes* ndi zazitali zosongoka za *Melanoides tuberculata*, sizifalitsa likodzo la anthu, ndipo zimadziwika ndi kachitseko kotseka pakamwa pa chigoba. Komabe nkhono zikakhala zazing'ono n'zovuta kuzisiyanitsa, choncho njira yotetezeka ndi kusaika nkhono iliyonse ya kudambo mu thanki ya m'nyumba. Zomera zimatsukidwa ndi kuyang'anidwa tsamba ndi tsamba, pochotsa nkhono ndi mazira ake amene amaoneka ngati timadontho tonanda. Tizilombo ta likodzo tikasowa munthu timafa pakatha masiku 2 kapena 3, choncho madzi a kudambo osefedwa amayamba akhala masiku 3 asanagwiritsidwe ntchito. Munthu amene waona magazi mu mkodzo ayenera kupita kuchipatala, kumene likodzo limachizidwa ndi mankhwala a praziquantel.

## Malamulo

Usodzi m'Malawi umayendetsedwa ndi lamulo la Fisheries Conservation and Management Act, kudzera ku nthambi ya boma yoona za nsomba. Lamuloli limaletsa kupha nsomba ndi poizoni kapena zophulika, ndiponso limaletsa kusamutsa nsomba kuchoka m'madzi ena kukaziika m'madzi ena popanda chilolezo. Kugwira nsomba zogulitsa kapena zotumiza kunja kumafunanso chilolezo. M'madoko ambiri muli makomiti a asodzi amene amagwira ntchito ndi mafumu posunga malamulo a pamalopo, ndipo wofuna kugwira nsomba zamoyo amayamba waonana ndi komitiyo kapena mlangizi wa za nsomba. M'malo otetezedwa a Lengwe, Majete ndi Mwabvi n'koletsedwa kutengamo chamoyo chilichonse popanda chilolezo. Ngalande za m'minda ya makampani zili ndi eni ake, ndipo kulowamo kumafuna kupempha.

## Kagwiridwe ndi kanyamulidwe

Tinsomba tating'ono timagwidwa ndi kaukonde kam'manja kapena mono. Neti yogonamo si chida chophera nsomba, chifukwa imakokolola ndi ana omwe ndipo imasiya banja pa ngozi ya malungo. Katupe ndi mankhwala ena amapha zamoyo zonse za m'dziwe. Njira ina yosavuta ndi kupempha msodzi wa mono kuti apatule tinsomba tamoyo m'ndowa ya madzi pamene akuvuula.

Nthawi yabwino ndi m'mawa kusanatenthe. Mu Shire ndi m'dambo muli ng'ona ndi mvuu, choncho wogwira nsomba sapita yekha, salowa m'madzi akuya, ndipo amatsatira malangizo a asodzi odziwa malowo. Nsapato zajombo ndi magolovesi zimachepetsa ngozi ya likodzo. Ana sayenera kutumidwa kukagwira nsomba kumtsinje.

Nsomba zimatengedwa zochepa, zokwana thanki imene yakonzedwa kale, ndipo zotsala zimabwezedwa pomwepo nthawi yomweyo. Zimanyamulidwa m'ndowa yovundikira, yosadzaza, yokutidwa ndi chiguduli chonyowa. M'dera lolima thonje ngati limeneli, zigubu zimene munali mankhwala a mbewu n'zoopsa ngakhale zitatsukidwa. Pofika kunyumba madzi a mu thanki amathiridwa m'ndowa pang'onopang'ono kwa mphindi 30 kuti nsomba zizolowere. Nsomba zatsopano zimayamba zakhala pazokha masabata 2 mpaka 4 zisanasakanizidwe ndi zakale.

## Kukonza thanki

Thanki ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu imalowa malita 54. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho pamodzi ndi mchenga ndi galasi thanki yotere imapitirira makilogalamu 60, ndipo imafuna tebulo lolimba losapendekeka. Thanki yotambalala ndi yabwino kuposa yaitali mokwera, chifukwa mpweya umalowera pamwamba pa madzi. Magalasi amamatidwa ndi silikoni wopanda mankhwala ophera nkhungu. Beseni lalikulu lapulasitiki latsopano limagwiranso ntchito, ngakhale nsomba zimaonekera pamwamba pokha.

Pansi pamaikidwa mchenga wa kumtsinje wotsukidwa ndi kuyanikidwa padzuwa. Miyala, zidutswa za mbiya ndi nsungwi zouma zimakhala mobisalamo. Mwa zomera, *Ceratophyllum demersum*, chomera chopanda mizu cha masamba ngati singano, chimapirira bwino ndipo chimapezeka m'madambo. Namasupuni, amene kwawo ndi ku South America, wakhala akutseka madzi a Shire kwa zaka zambiri ndipo sayenera kufalitsidwa.

Madzi a m'mijigo yambiri ya m'chigwachi ndi amchere, ndipo ngati akumveka mchere pakamwa sayenera nsomba za m'dambo. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, choncho amasiyidwa m'ndowa yosavundikira kwa tsiku limodzi kapena awiri. Madzi a mvula yoyamba yotsika padenga amakhala ndi fumbi ndi zonyansa.

Nsomba zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni kwa izo zomwe. Mu thanki yokhazikika muli mabakiteriya amene amasandutsa amoniya kukhala naitraiti, kenako naitreti amene savulaza kwambiri ndipo zomera zimamugwiritsa ntchito. Mabakiteriyawa amakhala mumchenga ndi mu sefa, ndipo amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti achuluke. Ichi n'chifukwa chake nsomba zambiri zimafa mu thanki yatsopano imene yadzazidwa tsiku limodzi. Poyamba mumaikidwa nsomba zochepa, ndipo zina zimawonjezedwa pang'onopang'ono.

## Kutentha ndi magetsi

M'mayiko ozizira osunga nsomba amagula chotenthetsera madzi, koma kuchigwa cha Shire vuto ndi kuziziritsa. Madzi akamafunda mpweya wake umachepa: pa madigiri 20 lita imodzi imasunga pafupifupi mamiligalamu 9 a okosijeni, pamene pa madigiri 30 imasunga pafupifupi 7.5. Nthawi yomweyo nsomba zimafuna mpweya wambiri kukatentha. Kudambo nsomba imathawira pansi kapena pamthunzi wa nyika, koma mu thanki ilibe kothawira. Nsomba zambiri za m'derali zimakhala bwino pa madigiri 24 mpaka 28, ndipo madzi akapitirira 32 zimayamba kupumira pamwamba.

M'nyumba ya malata yopanda siling'i, thanki imaikidwa m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi zenera ndiponso chapansi. Chivundikiro cha neti chimalola nthunzi kutuluka, ndipo zimenezi zimaziziritsa madzi. Chiguduli chonyowa chokuta m'mbali chimathandizanso. Kuthira madzi oundana mwadzidzidzi kumadwalitsa nsomba.

Thanki yodalira pampu yamagetsi imakhala pa ngozi magetsi akazima. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, ndipo dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Thanki ya nsomba zochepa ndi zomera zambiri imapirira popanda magetsi. Pampu ya batire kapena ya sola imathandiza, ndipo ikasowa, kutunga madzi ndi kapu n'kuwathiranso kuchokera m'mwamba kumalowetsa mpweya.

## Chakudya ndi chisamaliro

Nsomba zogwidwa kutchire zimayamba ndi zakudya zamoyo, monga nyongolotsi zoduladula, chiswe, ngumbi ndi mphutsi za udzudzu. Mphutsizi zimatoledwa pamene zapezeka kale, osati kuziweta dala, popeza malungo ndi ofala m'derali. Matemba amazolowera msanga ufa wa nsomba zouma ndi masamba owiritsa monga nkhwani. Nsima ndi gaga zimaola msanga n'kuwononga madzi. Chakudya chimaperekedwa kamodzi kapena kawiri patsiku, chongokwanira kutha m'mphindi zochepa.

Sabata iliyonse gawo limodzi mwa magawo 4 a madzi limachotsedwa n'kuthiramo ena. Thanki sitsukidwa ndi sopo, ndipo sefa imatsukidwa m'madzi ochokera mu thanki momwemo kuti mabakiteriya asafe. Thanki yopanda nsomba, monga ya nkhanu, imaphimbidwa ndi neti kuti udzudzu usaswanemo.

Zizindikiro za matenda ndi timadontho toyera pathupi, kudzikhula pamiyala, zipsepse zopinda ndi zilonda. Mu 2020 matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anapezeka koyamba m'Malawi m'boma la Mchinji. Amafala kudzera mu nsomba zamoyo, madzi ndi maukonde onyowa. Nsomba ya zilonda zofiira zakuya sitengedwa, ndipo mlangizi wa za nsomba amadziwitsidwa.

## Kuopsa kotaya nsomba m'madzi ena

Nsomba ikakula kapena mwini akatopa nayo, ambiri amaganiza zokaitaya kumtsinje. Zimenezi zikhoza kufalitsa matenda, ndipo zikachitika kumtunda kwa Kapichira zikhoza kulowetsa nsomba zachilendo mu Shire wa kumtunda, m'nyanja ya Malombe ndi m'nyanja ya Malawi, mmene muli mitundu mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse padziko.

Makakana ndi chitsanzo cha mbali zonse ziwiri. Atatengedwa kupita ku Asia, Australia ndi America, anaswana mpaka kulembedwa m'gulu la zamoyo 100 zowononga kwambiri zikafika kumalo achilendo. Koma kwawo kwenikweni, kum'mwera chakum'mawa kwa Africa, bungwe la IUCN limawaika m'gulu la nsomba zimene zili pa chiopsezo, chifukwa akusakanikirana ndi *Oreochromis niloticus* amene anabweretsedwa ndi anthu. Choncho nsomba imene yakhala mu thanki imasungidwa mpaka kufa, kapena imaperekedwa kwa wosunga wina wa m'dera lomwelo. Yakufa imakwiriridwa. Madzi akale amathiridwa pamtunda, ndipo zomera zochotsedwa zimayanikidwa padzuwa.

## Phindu pa maphunziro

Thanki ya nsomba za m'dera ndi chida chotsika mtengo chophunzitsira sayansi. Ophunzira amaona ndi maso mmene nsomba imapumira, mmene zomera zimatulutsira timathovu ta mpweya pakawala, mmene nkhanu imafundulira, ndi mmene nsomba yaikazi imalerera ana m'kamwa. Kulemba tsiku, malo ndi dzina la Chimang'anja kapena Chisena la nsomba iliyonse kumasunganso mayina a tinsomba timene pamsika timangotchedwa matemba tonse. Kusukulu thanki imayang'aniridwa ndi mphunzitsi, imakhala yopanda nkhono za kudambo, ndipo pamakonzedwa woisamalira nthawi ya tchuthi nsomba zisanagwidwe.